Kmalloc ikakana pomwe RAM ilipo yambiri: mmene mungapezere malire enieni a memori mu kernel ya Linux

Vuto ili likuvutitsa anzathu ambiri a zamakompyuta kuno ku Joni, kaya amene ali m'mashopu okonza makina ku Fordsburg, kaya amene akuphunzira ku Wits ndi ku UJ, kaya amene amasamala maseva a makampani ku Midrand ndi ku Isando. Munthu walemba driver yake, kapena waika ya kadi yolandira makamera a CCTV, yagwira bwinobwino kwa masabata, kenako tsiku lina yangokana. Mu `dmesg`, command yoonetsa mauthenga a kernel, muli mzere wakuti `page allocation failure: order:6`, koma `free -h` ikuonetsa magigabaiti ali phee osagwiritsidwa ntchito. Ambiri apa amathamangira kukagula RAM ina. Ndalama zimapita, vuto n'kutsala pomwepo.

`kmalloc`, function imene ma driver amapemphera memori kwa kernel, sifuna memori wamba. Imafuna mapeji (tizigawo tofanana kukula timene kernel imagawira memori) ogundana, otsatizana m'RAM mwenimwenimo popanda mpata pakati. Ndiye malire ake ali awiri: denga lolembedwa mu code ya kernel, lomwe silisintha, ndi malire a tsikulo, omwe amadalira mmene memori yadukira zidutswa chiyatsireni makinawo. Anthu amaloweza denga lija, koma chomwe chimawagwetsa nthawi zambiri ndi malire achiwiriwa.

## Zofunika musanayambe

- Kompyuta ya Linux yomwe muli ndi sudo. Ma command ali pano ndi a Ubuntu ndi Debian. Pa Fedora kapena Rocky mayina a mapakeji amasiyana pang'ono.
- Makina oyeserera a VirtualBox kapena QEMU, a RAM ya 2 GiB. Module yoyesera musaiike pa seva ya kasitomala, ngakhale Loweruka usiku.
- Zomangira module: `sudo apt install build-essential linux-headers-$(uname -r)`
- Pulogalamu yotopetsa makina: `sudo apt install stress-ng`
- Secure Boot ikhale yozimitsa m'makina oyesererawo. Ikakhala yoyaka, `insmod` idzakukanizani ndi mawu akuti `Key was rejected by service`, inu n'kumaganiza kuti vuto ndi code yanu.

## Gawo 1: Werengani uthengawo mpaka kumapeto

```
sudo dmesg -T | grep -i -A 25 -E "allocation fail|vmap allocation|page_alloc.c|Out of memory"
```

Ngati makina anazimitsidwa kale, yesani `journalctl -k -b -1` kuti muone zimene kernel inalemba asanazime.

Mauthenga amene mungapeze ndi a mitundu inayi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Woyamba ndi `page allocation failure: order:6, mode:0x40cc0(GFP_KERNEL|__GFP_COMP)`. Apa zomwe munapempha n'zololedwa, kungoti chidutswa chogundana cha kukula kumeneko sichinapezeke pa nthawiyo.

Wachiwiri ndi `WARNING` wotchula fayilo ya `mm/page_alloc.c` wopanda mzere wa order. Kawirikawiri uyu amatanthauza kuti mwapyola denga lenilenilo, ndipo kernel sinayese n'komwe kufufuza.

Wachitatu ndi `vmap allocation for size ... failed: use vmalloc=<size> to increase size`. Malo a maadiresi a `vmalloc`, njira ina yopemphera memori yomwe sifuna mapeji ogundana, atha. Izi zimachitika kwambiri pa makina a 32-bit.

Wachinayi ndi `Out of memory: Killed process`. Uwu ndi mlandu wina, RAM yathadi kapena cgroup (gulu la mapulogalamu loikidwa malire a memori) yafika pa malire ake, ndipo malangizo ano sakukhudzani kwenikweni.

Chenjezo: `WARNING` wachiwiri uja amatuluka kamodzi kokha chiyatsireni makina. Mukayesanso n'kupeza `dmesg` ili zii, musasangalale kuti zakonzeka. `Kmalloc` ikubwezabe NULL, kutanthauza kuti yakana, mwakachetechete.

Lembani pambali zinthu zitatu: nambala ya order, mawu ali m'kati mwa `mode`, ndi dzina la function yoyamba mu `Call Trace` yomwe si ya memori. Dzina limeneli ndi limene likuuzeni driver yolakwa. Mu `mode` yang'anani ngati muli `GFP_ATOMIC`, chizindikiro cha pempho losatha kudikira, chifukwa tidzabwereranso pamenepo.

## Gawo 2: Sandutsani order kukhala makilobaiti

Yambani ndi kukula kwa peji:

```
getconf PAGESIZE
```

Pa x86_64 yankho ndi 4096. Order ndi nambala yoonetsa kuti peji yawirikizidwa kangati: order 0 ndi peji imodzi, 4 KiB, order 1 ndi 8 KiB, order 2 ndi 16, order 3 ndi 32, order 4 ndi 64, order 5 ndi 128, order 6 ndi 256 KiB, mpaka order 10 yomwe ndi mapeji 1024, kapena kuti 4 MiB. Pamenepo ndiye pali denga la `kmalloc` pa makompyuta ambiri a Intel ndi AMD. Mukapempha 4 MiB ndi baiti imodzi pamwamba, mudzalandira NULL ngakhale seva ili ndi 512 GiB.

Kernel siduladula pakati. Mukapempha 33 KiB imakupatsani order 4, kutanthauza 64 KiB yonse, ndipo pafupifupi theka limangokhala lopanda ntchito. Ndaonapo ma driver omwe buffer yake ndi 64 KiB ndendende, wina n'kuwonjezera kamutu ka mabaiti 16 kutsogolo. Pompo pempho ladumpha kuchoka pa order 4 kufika pa order 5, ndipo mwayi woti lilephere wakula popanda aliyense kuzindikira.

Denga lalembedwa m'mafayilo awiri: `KMALLOC_MAX_SIZE` mu `include/linux/slab.h`, ndi `MAX_PAGE_ORDER` mu `include/linux/mmzone.h`.

Chenjezo pa manambala a pa intaneti: mudzapeza ena akuti 11, ena 10, ena akuti denga ndi 128 KiB. Kernel isanafike 6.4, `MAX_ORDER` inali 11 koma order yololedwa inkathera pa 10. Mu 6.4 anaisintha tanthauzo kuti 10 akhale 10, ndipo mu 6.8 anaipatsa dzina latsopano la `MAX_PAGE_ORDER` kuti anthu asiye kusokonezeka. Denga la 4 MiB silinasunthe pa zonsezi. Nambala ya 128 KiB ija ndi ya m'mabuku a m'nthawi ya kernel 2.6.

Pa ARM nkhani imasintha chifukwa peji yenyeniyo imatha kukhala yaikulu. Raspberry Pi 5 imabwera ndi kernel ya mapeji a 16 KiB, ndiye order 4 kumeneko ndi 256 KiB osati 64. Onani ndi `grep ARCH_FORCE_MAX_ORDER /boot/config-$(uname -r)`. Pa x86 mzerewu simuupeza, ndipo palibe cholakwika.

Pali mzere wina wofunika kuposa denga, ndipo ndi umene ine ndimaufuna kuti muuloweze: order 3, yomwe ndi 32 KiB pa mapeji a 4 KiB. Mu code umatchedwa `PAGE_ALLOC_COSTLY_ORDER`. Pempho la `GFP_KERNEL` (pempho wamba lololedwa kudikira) la order 3 kapena kutsika, kernel imalimbana nalo mpaka kufika popha pulogalamu ina kuti ipeze malo. Likapyola pamenepo, imayesa kangapo n'kugwa ulesi, n'kukubwezerani NULL. Choncho 4 MiB ndi yololedwa papepala, koma yomwe mungaidalire pa makina amene akhala akugwira ntchito miyezi ndi 32 KiB.

## Gawo 3: Onani mmene memori yadukira

```
cat /proc/buddyinfo
```

Mzere uliwonse ndi dera la memori: `DMA` ndi 16 MiB yoyambirira, `DMA32` imafika pa 4 GiB, `Normal` ndi yotsalayo. Manambala 11 otsatira akuwerenga zidutswa zopanda ntchito, kuyambira order 0 kumanzere mpaka order 10 kumanja. Tiyerekeze kuti mwapeza chonchi:

```
Node 0, zone Normal 41230 18844 5120 611 38 2 0 0 0 0 0
```

Muwerengetsere nokha. Zidutswa 41230 za 4 KiB, 18844 za 8 KiB, 5120 za 16 KiB, 611 za 32 KiB, 38 za 64 KiB ndi 2 za 128 KiB. Zonse pamodzi zikupitirira 400 MiB yopanda ntchito. Koma kuyambira pa order 6 kupita kumanja ndi maziro okhaokha, ndiye pempho la 256 KiB lilibe pogwira.

Zili ngati basi ya ku Blantyre yonyamuka pa Park Station mu Disembala. Kondakitala sakunama akamati mipando 12 ilibe anthu, koma ili umu ndi umo, wina kutsogolo, iwiri pakati, wina pafupi ndi chimbudzi. Banja la anthu 8 lofuna kukhala pamodzi lilibe malo pokhapokha ena avomere kusamuka. Ambiri amavomera, koma pali agogo amene apanikiza kale zikwama pansi pa mpando, ndipo sasuntha zivute zitani. Mu kernel, mapeji a mapulogalamu wamba ndi a page cache amasunthika, ndipo ntchito yowasuntha imatchedwa compaction. Mapeji omwe kernel ikuwagwiritsa ntchito yokha sasunthika, ndipo peji imodzi yotere ikakhala pakati pa dera la 4 MiB, dera lonselo silingaperekedwenso lathunthu. Mukafuna kuona kuchuluka kwa osasunthikawa, `sudo cat /proc/pagetypeinfo` ikuonetsani mizere ya `Unmovable`, `Movable` ndi `Reclaimable`.

Nthawi ndi imene imabalalitsa mapeji osasunthikawa. Makina akangoyaka, kumanja kwa `buddyinfo` kumakhala manambala aakulu. Pakapita masabata kumayamba kuuma. Kuno kwathu izi zinabisalako chifukwa cha magetsi. Mu 2023, pamene Eskom inkazimitsa pafupifupi tsiku ndi tsiku, maseva ang'onoang'ono opanda UPS ankazima n'kuyakanso pafupipafupi, memori n'kumayalidwa mwatsopano nthawi iliyonse. Load shedding itaima kwa miyezi yambiri kuyambira mu Malichi 2024, kapena bwana atagula inverter, makina omwewo anayamba kutha miyezi osazima, vuto lakalekale n'kutulukira poyera. Ndiye wina akakuuzani kuti driver imeneyi yakhala ikuyenda zaka popanda dandaulo, mufunseni `uptime` ya nthawi imeneyo.

Chenjezo: musaphatikize mizere. Chipangizo chotha kuona maadiresi a 32-bit okha chimadalira `DMA32`, ndipo kuchuluka kwa zidutswa mu `Normal` sikuchithandiza. Pa seva ya ma CPU awiri mudzaonanso `Node 0` ndi `Node 1`, iliyonse ndi manambala ake.

## Gawo 4: Yesani ndi module yanuyanu

M'makina oyeserera, pangani foda n'kulemba fayilo ya `yesa.c`:

```c
#include <linux/module.h>
#include <linux/slab.h>
#include <linux/mm.h>

static int __init yesa_init(void)
{
	size_t kukula;
	void *a, *b;

	pr_info("yesa: denga %lu KiB\n", KMALLOC_MAX_SIZE >> 10);

	for (kukula = PAGE_SIZE; kukula <= (16UL << 20); kukula <<= 1) {
		a = kmalloc(kukula, GFP_NOWAIT | __GFP_NOWARN);
		kfree(a);
		b = kmalloc(kukula, GFP_KERNEL | __GFP_NORETRY | __GFP_NOWARN);
		kfree(b);
		pr_info("yesa: %zu KiB order %d pompo:%s modikira:%s\n",
			kukula >> 10, get_order(kukula),
			a ? "inde" : "AYI", b ? "inde" : "AYI");
	}
	return 0;
}

static void __exit yesa_exit(void)
{
}

module_init(yesa_init);
module_exit(yesa_exit);
MODULE_LICENSE("GPL");
MODULE_DESCRIPTION("Kuyesa malire a kmalloc");
```

Kenako `Makefile`:

```
obj-m += yesa.o

all:
	make -C /lib/modules/$(shell uname -r)/build M=$(CURDIR) modules
```

Mzere womalizawo uyambe ndi Tab, osati ma space. Mukalakwitsa apa `make` idzati `missing separator`.

```
make
sudo insmod yesa.ko
sudo dmesg | grep yesa
sudo rmmod yesa
```

Pa makina ongoyaka kumene mudzaona `inde` mbali zonse mpaka 4096 KiB, kenako `AYI` pa 8192 ndi 16384. Limenelo ndi denga. Tsopano atopetseni makinawo:

```
find / -xdev -type f -exec cat {} + > /dev/null 2>&1 &
stress-ng --vm 2 --vm-bytes 70% --fork 4 --timeout 300
```

`stress-ng` ili m'kati mothamanga, ikaninso module ija. Mbali ya `pompo` ndi imene imayamba kugonja, chifukwa `GFP_NOWAIT` silola kernel kudikira kapena kusuntha mapeji. Imangotenga chomwe chilipo. Mbali ya `modikira` imapirirako chifukwa kernel imaloledwa kuchita compaction kaye. Kusiyana kwa mbali ziwirizi n'kumene kukufotokozereni chifukwa chimene pempho lomwelo limatheka pa `probe` (pomwe driver ikudzutsa chipangizo) koma n'kulephera m'kati mwa interrupt (pomwe chipangizo chadukiza CPU kuti ichithandize pompo), momwe mumakakamizika kugwiritsa ntchito `GFP_ATOMIC`.

## Gawo 5: Sinthani mapemphedwe

Funso limodzi ndi limene likutsogolereni: kodi memori imeneyi idzawerengedwa ndi CPU yokha, kapena chipangizo chidzaifikira chokha kudzera mu DMA?

Ngati ndi CPU yokha, simukufunika mapeji ogundana n'komwe. Gwiritsani ntchito `kvmalloc`, yomwe inalowa mu kernel 4.12:

```c
tebulo = kvmalloc_array(n, sizeof(*tebulo), GFP_KERNEL);
if (!tebulo)
	return -ENOMEM;
/* ... */
kvfree(tebulo);
```

Imayesa `kmalloc` kaye mosaumirira, ikakanika n'kupita ku `vmalloc`, yomwe imatola mapeji amwazikana n'kuwaika pa maadiresi otsatizana. Matebulo aakulu, zolemba za firmware zomwe mukuzisanthula, ma buffer ochokera kwa pulogalamu kudzera mu `ioctl`, zonsezi malo ake ndi ano. Nayonso ili ndi malire: kuyambira mu 5.15, `kvmalloc` imakana pempho lopitirira `INT_MAX`, pafupifupi 2 GiB, ndipo `vmalloc` singapitirire RAM yonse ya makinawo. Nambala ya `VmallocTotal` mu `/proc/meminfo`, yomwe pa x86_64 imaonetsa 34359738367 kB, isakunamizeni. Amenewo ndi maadiresi chabe a 32 TiB, si memori.

Pa 32-bit maadiresiwo ndi ochepa: 128 MiB pa x86, 240 MiB pa ARM, pokhapokha mutasintha. Mukakumana ndi uthenga wachitatu uja wa mu Gawo 1, onani kaye amene akudya malowo ndi `sudo cat /proc/vmallocinfo`, kenako muwonjezere `vmalloc=256M` pa mzere woyatsira kernel. Dziwani kuti zomwe mwawonjezera kuno mwalanda ku memori yomwe kernel imaifikira mwachindunji.

Chenjezo: chomwe mwatenga ndi `kvmalloc` chibwezedwe ndi `kvfree`. Mukagwiritsa ntchito `kfree`, zidzayenda bwino masiku onse amene `kmalloc` inapambana, n'kudzagwetsa makina tsiku limene inadutsira ku `vmalloc`. Komanso `vmalloc` imatha kugona podikira, ndiye musaiitane mutagwira spinlock kapena muli mu interrupt.

Ngati ndi DMA, adiresi ya `vmalloc` musaipereke ku `dma_map_single` kapena `virt_to_phys`. Chipangizo chidzalemba pa malo olakwika, ndipo zotsatira zake zimaoneka kutali ndi pomwe munalakwitsa. Njira zilipo zitatu. Yabwino koposa, ngati chipangizo chikulola, ndi scatter-gather: pemphani mapeji amodziamodzi ndi `alloc_page`, muwaike mu `sg_table`, n'kugwiritsa ntchito `dma_map_sgtable` kapena `dma_map_sg`. Order 0 simasowa pokhapokha RAM itathadi. Yachiwiri ndi kupempha buffer yanu kamodzi pa `probe` ndi `dma_alloc_coherent` n'kuisunga mpaka driver itachotsedwa, m'malo mopempha ndi kubweza nthawi iliyonse pulogalamu ikatsegula chipangizo. Izi zimathandiza driver ikamadzuka limodzi ndi makina, koma ikachotsedwa n'kuikidwanso patapita mwezi, mwabwerera pa vuto lomwe lija.

Yachitatu ndi ya zipangizo zosamva scatter-gather zomwe zikufuna ma megabaiti ambiri ogundana, monga makadi ena ojambula vidiyo. Apa ndi pa CMA (Contiguous Memory Allocator). Kernel imapatula dera poyaka, n'kumalibwereketsa kwa mapeji osunthika okha, kuti driver ikalifuna iwasamutse. Onani kaye ngati kernel yanu ili nayo:

```
grep -E "CONFIG_CMA=|CONFIG_DMA_CMA=" /boot/config-$(uname -r)
```

Zonse ziwiri zikakhala `y`, wonjezerani `cma=128M` mu `GRUB_CMDLINE_LINUX` ya mu `/etc/default/grub`, muchite `sudo update-grub`, muyatsenso makina, n'kutsimikiza ndi `grep Cma /proc/meminfo`. `dma_alloc_coherent` idzatenga m'menemo yokha ndipo ingathe kupyola 4 MiB. `kmalloc` siidziwa CMA, denga lake likhala pomwe lija.

## Gawo 6: Ngati driver si yanu

Ambiri a inu simulemba ma driver, mumangosamala makina. Choyamba onani ngati pali chomwe chaonongeka. Ma driver ambiri a netiweki akalephera kupeza chidutswa chachikulu amatsikira pa chaching'ono kapena kutaya paketi imodzi n'kupitiriza, ndiye uthenga umodzi pa mwezi si chifukwa chodzutsira munthu usiku.

Ngati chipangizo chikukanadi kudzuka, konzani memori pamanja musanaikenso driver:

```
sync
echo 3 | sudo tee /proc/sys/vm/drop_caches
echo 1 | sudo tee /proc/sys/vm/compact_memory
cat /proc/buddyinfo
```

Kumanja kukadzaza, chitani `modprobe` msangamsanga. Iyi ndi njira yopulumukira tsiku limenelo basi. Kuika `drop_caches` mu cron ola lililonse, monga ena amachitira, kumangochedwetsa seva chifukwa zonse ziyenera kuwerengedwanso kuchokera pa disiki.

Zokhalitsa ndi izi. Kuyambira mu kernel 5.9 pali `vm.compaction_proactiveness`, yomwe imayamba pa 20 ndipo imafika 100. Mukaikweza pang'ono, kernel imasuntha mapeji isanapemphedwe, pa mtengo wa CPU. Ngati `mode` inaonetsa `GFP_ATOMIC`, kwezani `vm.min_free_kbytes` kuti nkhokwe yosungira mapempho achangu ikule. Onani nambala yomwe ilipo, muiwirikize kawiri, muyang'anire kwa masiku angapo. Osalumphira pa magigabaiti: zolemba za kernel zenizenizo zimachenjeza kuti mukaikweza mopyola, makina amayamba kupha mapulogalamu nthawi yomweyo. Ngati mwaika MTU (malire a kukula kwa paketi) ya 9000 pa kadi yakale ya netiweki, yesani kubwerera pa 1500 muone ngati uthengawo usiya, chifukwa ma driver ena akale amafuna chidutswa chogundana cha paketi yonse. Kuchepetsa ring buffer ndi `ethtool -G` nakonso kumatsitsa kukula kwa pempho.

## Gawo 7: Ikakamizeni ilephere, muone ngati code yanu ipirira

Mzere wa `if (!p)` umene sunayesedwepo nthawi zambiri umakhala ndi cholakwika. Kernel ili ndi njira yolepheretsa mapempho mwadala, koma imafuna `CONFIG_FAIL_PAGE_ALLOC` ndi `CONFIG_FAULT_INJECTION_DEBUG_FS`, zomwe ma kernel ambiri obwera ndi distro alibe, ndiye mwina mudzamanga yanu. Mukakhala nayo, muli root m'makina oyeserera:

```
cd /sys/kernel/debug/fail_page_alloc
echo 4 > min-order
echo N > ignore-gfp-wait
echo 20 > times
echo 100 > probability
```

Mapempho 20 otsatira a order 4 kupita m'mwamba adzalephera. Ikani driver yanu. Ya `kvmalloc` iyenera kudzuka ngati palibe chachitika. Ya `kmalloc` iyenera kubweza `-ENOMEM` bwinobwino, itamasula zonse zomwe inatenga kale. Mukamaliza bwezerani `probability` pa 0.

## Zolakwika zofala

Kusokoneza `kmalloc` ndi `malloc`. Pulogalamu wamba sikhudzidwa ndi denga la 4 MiB, chifukwa memori yake imaperekedwa peji ndi peji. Yake imakanidwa ndi zina: `ulimit -v`, `vm.overcommit_memory` ikakhala 2, `memory.max` ya cgroup mu Docker kapena Kubernetes, ndi `vm.max_map_count` yomwe kernel imaiyambitsa pa 65530 pomwe Elasticsearch imafuna yosachepera 262144. Container ikafa ndi nambala 137, yambani ndi malire a cgroup, `buddyinfo` muisiye.

Kuchulukitsa pamanja. `kmalloc(n * size, ...)` pomwe `n` yachokera kwa wogwiritsa ntchito ndi khomo la akuba. Kuchulukitsako kukasefukira, mumalandira buffer yaing'ono n'kulembamo zambiri. `kmalloc_array`, `kcalloc` ndi `struct_size` zimagwira zimenezi zisanachitike. Ikaninso malire anuanu pa `n`. Musalole munthu wa kunja asankhe kukula kwa memori ya kernel.

Kuthawira pa stack. Wina `kmalloc` ikamukana amalemba `char buf[32768];` m'kati mwa function. Stack yonse ya kernel pa x86_64 ndi 16 KiB, ndipo pa ma kernel ambiri compiler imayamba kudandaula function ikapitirira mabaiti 2048. Ngakhale buffer yaing'ono ya pa stack siyenera kupita ku DMA, chifukwa kuyambira mu 4.9 stack yenyeniyo imatha kukhala ya `vmalloc`. Ma driver angapo a USB anagwa ndi zimenezi.

Kumanganso kernel kuti denga likwere. Pa ARM n'zotheka kukweza `ARCH_FORCE_MAX_ORDER`, ndipo tsiku loyamba zimaoneka ngati zatheka. Koma ngati order 6 ikusowa pa makina otopa, order 12 ndiye idzasowa msanga kuposa pamenepo.

Kuika `__GFP_NOFAIL` pa pempho lalikulu. Inapangidwira mapempho ang'onoang'ono omwe kulephera kwake kungaononge deta. Pa order yoposa 1 siyololedwa, ndipo ma kernel ambiri amadandaula mu `dmesg`.

Kudalira NULL pa pempho la ziro. `kmalloc(0, GFP_KERNEL)` sibweza NULL. Imabweza `ZERO_SIZE_PTR`, yomwe ndi adiresi 16, ndiye `if (!p)` imadutsa bwinobwino, makina n'kudzagwa pomwe mwayamba kulembamo. Ngati kukula kungathe kukhala ziro, kugwireni musanafike pa `kmalloc`.

Kuyesa pa makina ongoyaka kumene okha. Musanapereke driver kwa kasitomala, tengani `/proc/buddyinfo` ya seva yake yeniyeni yomwe yatha miyezi isanazime, muyerekeze ndi order yaikulu kwambiri yomwe code yanu ikupempha. Pa malo a order imeneyo ndi kumanja kwake pakakhala maziro kapena manambala osafika 10, bwererani ku Gawo 5.